Tsiku Limene Wapampando Anadya Phula

Ana inu a ku Kamphinda, amene mumasesa m'chipinda cha misonkhano Loweruka, ndamva kuti mwakhala mukufunsana za chinthu chachikasu chimene chimakhala m'kambale kadothi pa tebulo la wapampando. Wina wa inu akuti ndi sopo. Wina, mdzukulu wa aNagama, anafuna kukachitaya kudzala, mwayi wake akatekisiti anamuona msanga. Musadzayerekeze. Limenelo ndi phula la njuchi, ndipo mukaliyang'anitsitsa muona kuti mbali imodzi ndi yobenthuka ngati mwezi wongooneka kumene. Pamenepo panadutsa mano a munthu. Mwini manowo ndimamudziwa bwino, pakuti tinayamwa bere limodzi.

Zinachitika chaka chimene ndinali ndi pakati pa Fabiyano. Chaka chimenecho achimwene anga a Venansio anapuma pa ntchito yaukalaliki mumzinda nabwerera kumudzi. Iwo anali oyamba kubadwa, ine mzime, ndipo pamene ankachoka kwathu ine ndinali ndisanamere mano. Pobwera anabwera ndi wailesi, chikwama chodzaza mapepala, ndi mano ogula, oyera mbee ngati mpunga wotsuka. Akaseka pamsika, anthu ankatembenuka.

Ndisawanamizire, anali munthu wabwino. Nyumba ya malemu mayi anafolera malata ndi iwo. Mwana wanga woyamba anamuphunzitsa ndi iwo, osandiwerengera ngakhale tsiku limodzi. Zimenezi sindiiwala, monganso sindiiwala amene anandibwereka mkeka pa maliro, ndi amene anandimana. Koma anali ndi nthenda imodzi. Ukangoyamba kuwauza kanthu, usanafike ndi pakati pomwe, ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Ndikudziwa kale." Uwauze kuti mlatho wakokoloka, akudziwa kale. Uwauze kuti mbuzi yawo yaswa, akudziwa kale, chonsecho mbuziyo yaswa iwo ali m'tulo.

Posakhalitsa akhristu anawasankha kukhala wapampando wa bungwe lalikulu la parishi. Nanga tikanasankha yani? Munthu wodziwa kulemba kalata yopita kwa ambuye episikopi popanda kufufuta analipo mmodzi yekha. Bambo Mfumu athu a nthawi imeneyo, a Gelevazio, anali wachinyamata, komanso anali atangokhala nafe miyezi inayi, njira za m'midzi asanazidziwe. Ndiye kunabwera kalata yochokera ku dayosizi. Inkati parishi iliyonse ikhale pansi, igwirizane zimene idzaike patsogolo m'zaka zisanu zikubwerazo, pa mitu itatu: kapembedzedwe, kufalitsa Mawu, ndi umoyo wathu wa pamodzi. Bambo Mfumu anapereka kalatayo kwa wapampando n'kuwauza kuti amve maganizo a miphakati yonse, timagulu tija ta akhristu a m'midzi. Achimwene anati, "Musadandaule, Bambo. Anthu anga ndikuwadziwa kale."

Tsopano ndikuuzeni za nkhalango. Inu mwabadwa mukuiona kuseri kwa tchalitchi, mumatolamo masuku, mumaphunziriramo katekisimu pamthunzi, ndipo mumaganiza kuti inangokhalapo yokha ngati phiri. Ayi. Akhristu oyamba anaisiya dala polima. Apongozi anga aamuna, a Jelemano, ndiwo anayamba kupachikamo ming'oma ya njuchi. Atamwalira, ntchito inatsala m'manja mwa akazi awo, apongozi anga aNachisale. Ana awo aamuna, kuphatikizapo bambo a kunyumba kwanga, ndiwo ankakwera m'mitengo kukafula, koma mwini mawu anali mayiwo. Lamulo lawo linali limodzi: uchi wa m'nkhalango ya tchalitchi supita kumsika. Unkathiridwa m'timabotolo, ndipo amayi oyendera odwala ankanyamula. Phula ankalisungunula, kulisefa pa nsalu, n'kulithira m'mphindi za nsungwi zokhala ndi chingwe cha thonje pakati. Makandulo a paguwa ankachokera mmenemo, kandulo yaikulu ya Pasaka inkachokera mmenemo, ndiponso timakandulo tating'ono timene tinkapita kunyumba iliyonse kumene munthu akutsirizika, kuti asapite mumdima. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse. Ankazidziwa ndi amene ankazichita.

Tsiku lina ndinapita kwa achimwene kukawapatsa mbatata. Ndinawapeza pakhonde, mapepala ali mbwee pa tebulo, atatsindira ndi miyala kuti asauluke.

"Wafika bwino, chemwali," anatero. "Khala pansi umve za mawa la mpingo wako."

Anawerenga. Pa kapembedzedwe: tigule limba lamagetsi ndi jenereta, ng'oma zipume. Pa kufalitsa Mawu: tiimike mtengo wautali, timangirirepo zokuzira mawu, ulaliki uzimveka mpaka kumsika. Pa umoyo wa pamodzi: timange holo yaikulu ya maukwati ndi misonkhano, yoti anthu a maparishi ena akaiona azigwira pakamwa.

"Zokoma ndithu," ndinatero ine. "Nanga miphakati yati chiyani?"

"Miphakati idzamva tsiku la msonkhano."

"Holoyo imangidwa pati?"

"Kuseri kwa tchalitchi. Thengo lija langokhala, likungosunga njoka. Tidula, malo apezeka, nkhuni zootchera njerwa zapezekanso pomwepo. Mwala umodzi, mbalame ziwiri, amatero kumzinda."

Mtima wanga unagunda mpaka mwana anatembenuka m'mimba. "Achimwene, koma mmene muja muli ming'oma ya apongozi anga. Ndipo makandulo aja..."

Dzanja linakwera. "Ndikudziwa kale. Timing'oma tingapo. Akapachika kwina. Makandulo ali mbwee m'masitolo, oyera bwino, osati achikasu ngati odwala chikasu aja."

Ndinanyamuka ndi dengu langa lopanda kanthu. Pali zimene ndikanawauza tsiku limenelo. Koma munthu sumuthira madzi m'botolo lotseka.

Sabata yotsatira analowa m'nkhalango ndi chingwe choyezera ndi chitini cha laimu. Mtengo uliwonse woti ugwe ankaupaka mzere woyera. Apongozi anga anawapeza atapaka kale theka. Ine ndinali nawo, tinkapita kukaona mng'oma wina umene unalowa nyerere.

"Mwaswera bwanji, bambo wapampando?" anatero apongozi, atagwada pang'ono monga mwa ulemu wawo, ngakhale kuti munthuyo akanatha kukhala mwana wawo.

"Ndaswera, mayi. Tikukonzera mpingo zinthu zazikulu."

"Ndaona. Mitengo yavala zoyera ngati ikupita ku ubatizo."

Achimwene anaseka, mano aja n'kuwala. "Mudzanyadira, mayi. Pano mudzavina pa simenti."

"Miyendo yovinira inatha kale. Koma ndimati, muwanga mwaupakawu uli ndi ming'oma iwiri, ndipo pansi pake paja..."

"Ndikudziwa kale, mayi, ndikudziwa kale. Zonse zili m'pulani."

Apongozi anatembenuka. Pobwerera anayenda patsogolo, ine pambuyo. Titafika pa mphambano anaima n'kunena osandiyang'ana, "Mlongo wako ndi wophunzira, mwana wanga. Kapena ife ndife tatsalira." Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandikalipira. Kunyumba bambo a ana anakhala masiku atatu akungondiyankha ndi mutu, ngati laimuyo ndinasungunula ndine. Ndinali pakati pa banja limene ndinabadwira ndi banja limene ndinaberekera, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti pa mabanja awiriwa, limene linali ndi mangawa kwa linzake ndi lathu.

Msonkhano unaikidwa Lamulungu lomaliza la Juni, itatha Misa. Achimwene anali atapangana kale ndi anyamata a nkhwangwa kuti Lolemba m'mawa ayambe. Ankadziwa kuti manja adzakwera. Achinyamata ankafuna limba, a kwaya ankalota za zokuzira mawu, ndipo ena tonsefe tinkaopa mapepala. Munthu akaimirira ndi mapepala asanu ndi atatu olembedwa pa taipi, iwe wosadziwa kulemba dzina lako bwinobwino ungatsutse chiyani?

Mwa mwambo wathu, tsiku la msonkhano waukulu mphakati uliwonse umabweretsa kanthu kochokera m'manja mwake kuti kadalitsidwe. Kunali mtedza, nyemba, mbatata, nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo, mphasa zatsopano. Mphakati wathu unkabweretsa phula loyamba la chaka, lisanaumbidwe makandulo. M'mawa umenewo apongozi anasungunula pang'ono n'kuthira m'kambale, likukula ngati chikhatho cha munthu. Pofika nthawi ya Misa linali litagwirana, koma mkati likadali lofewa, fungo la uchi lili guu. Anandipatsa ine kuti ndikaike pa tebulo la zopereka.

Apa ndiulule, pakuti ndakalamba ndipo palibe andimange. Sindinakaike pa tebulo la zopereka. Pafupi pake panali tebulo lina la atsogoleri, loyalidwa nsalu, pali tiyi ndi zitumbuwa. Ndinaika kambaleko pamenepo, pamaso penipeni pa mpando wa achimwene. Ndinati mumtima, akachiona chinthu chachilendochi adzafunsa kuti n'chiyani, ndipo akangofunsa funso limodzi, pakamwa pa anthu padzatseguka. Nzeru zanga zinathera pomwepo. Zoti angadye sizinandibwerere n'komwe.

Anthu anadzaza pabwalo, amayi pamikeka, abambo pamabenchi. A kutsidya kwa mtsinje anabweranso, popeza inali nyengo yoti madzi aphwa. Bambo Mfumu anatsegula ndi pemphero, kenako anati wapampando amwe kaye tiyi, pakuti pepala lawo linali lalitali. Achimwene anali atavala suti yakuda. Anakhala pansi, naona kambale kaja. Ananyamula chinthucho, kuchitembenuza, kuchinunkhiza. Ine mumtima ndinkangopempha. Funsani, achimwene, funsani.

"Mwaona, Bambo Mfumu?" anatero mokweza kuti onse amve. "Chitukuko chayamba kale chokha. Amayi athu ayamba kupanga tchizi, chakudya cha azungu chija cha mkaka! Ine ndinkadya zimenezi kunyumba kwa abwana anga mumzinda."

Apongozi anga anadzuka theka pamkeka. "Bambo wapampando, chimenecho ndi..."

"Ndikudziwa kale, mayi."

Analuma. Sanalume mwamanyazi ayi, analuma ngati munthu woonetsa anthu a kumudzi kadyedwe kake.

Pabwalo panangoti zii, kupatula nkhuku zomangidwa zija. Achimwene anatafuna kamodzi. Anatafuna kachiwiri, pang'onopang'ono. Nkhope inali ikumwetulirabe, koma maso anayamba kuyendayenda. Kulavula pamaso pa wansembe sakanatha, kumeza kunakanika. Anayesa kachitatu, nsagwada n'kuima.

Pa benchi yakutsogolo panali a Pasikale, msuweni wathu, munthu amene sanasiyepo mwayi wa chipongwe kudutsa. Anatsamira pa ndodo yawo nati, "Asuweni, tchizi wa ku Kamphinda ali bwanji? Akuposa wa abwana?"

Achimwene anafuna kuyankha. Anatsegula pakamwa ndi mphamvu, pakamwa panatsegukadi, koma mano anakana kulekana. Akumwamba ndi akunsi anatsalira pamodzi, atakumbatirana m'phula. Anasolola kansalu m'thumba msangamsanga, koma anthu anali ataona kale. Masaya aja anangoti fwaa kulowa mkati, munthu wa suti n'kusanduka nkhalamba nthawi yomweyo.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, ana inu, sindinakumvenso. A kwaya anagwerana. Bambo Mfumu anaweramitsa mutu ngati akupemphera, koma mapewa ankagwedezeka. A Pasikale ankamenya ndodo pansi, akufuula kuti, "Ndi phula, asuweni! Mwadya kandulo ya Pasaka! Chaka chamawa tidzayatsa inuyo!"

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Apongozi anga anadzuka, napita ku tebulo, nagwada, natambasula manja awiri.

"Patseni kuno, bambo. Musakande ndi mpeni, muwononga. Phula limamvera madzi ofunda. Ndikakutsukirani."

Achimwene anawayang'ana. Anapereka kansalu kaja ndi zonse zinali mkatimo, ndipo mayi wokalambayo ananyamula mano a munthu amene ankafuna kugwetsa ming'oma yawo, kupita nawo kukhitchini ya kunyumba ya ansembe, atawafungatira ngati mwanapiye.

Tsopano panali vuto. Pepala linali pa tebulo, koma mwini wake sakanatha kuwerenga, ndipo sakanalola wina kuligwira. Anakhala chete, dzanja lili pakamwa. Bambo Mfumu, atapukuta maso, anati, "Chabwino. Pamene tikudikira wapampando, tisataye nthawi. Mitu itatu ija mukuidziwa. Amene ali ndi mawu alankhule."

Poyamba palibe anadzuka. Kenako anaimirira bambo wina wa kutsidya, chipewa chili m'manja. Anati iwo limba sakulikana, koma kuyambira Disembala mpaka Malichi mtsinje ukadzaza, sawona Misa, sawona wansembe, ana amabadwa n'kukwawa asanabatizidwe. Akanakhala ndi kanyumba kopemphereramo kutsidyako, ngakhale kaudzu, ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa kutsogolera mapemphero, akanathokoza. Atakhala pansi, akatekisiti anadzuka n'kukweza phazi kuonetsa nsapato yobooka. Anati midzi khumi ndi iwiri amaiyenda wapansi, ndipo zokuzira mawu sizingakhale pambali pa wodwala. ANagama, agogo ake a mwana wofuna kutaya phula uja, anati amayi akunsi kwa phiri amatunga pa kasupe wotuluka pansi pa muwanga, ndipo akufuna adziwe kuti mitengo ikagwa azikatunga kuti. Mtsogoleri wa amayi oyendera odwala anati, "Ife ulaliki sitiudziwa. Timangofika ndi kabotolo ka uchi pakhomo pamene mwana akutsokomola, kaya ndi a mpingo wathu, kaya ayi. Palibe anatitsekerapo chitseko. Mabanja amene analowa mumpingo kudzera pa kabotolo, muwaone, ena akhala pompano." Ndipo manja angapo anakwera okha pamikeka.

Achimwene ankamva zonsezi. Kawiri konse ndinaona dzanja lawo likufuna kukwera, n'kubwereranso pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kumudzi, mawu a anthu ankafika kumapeto.

Pamenepo ndinaona kuti apongozi sanabwerere, ndipo ndinadziwa kuti akanakhalapo akanandiletsa. Ndinadzuka, mimba ili patsogolo.

"Ine ndili ndi mawu kwa achimwene anga," ndinatero. "Mundikhululukire kuti ndikunenera pagulu. Kunyumba ndinayesa.

"Achimwene, mayi atamwalira munafika tsiku lachitatu, mtsinje utaphwerako. Munabwera ndi bokosi labwino, munabwera ndi nsalu, palibe angakunyozeni. Munafunsa ngati manda akumbidwa, munafunsa ngati ufa ukukwana. Koma simunafunse kuti mayi anapita bwanji. Ndadikira zaka zisanu ndi zinayi kuti mufunse.

"Mvula inagwa sabata yathunthu. Wansembe anali atapita kutsidya, sakanawoloka kubwerera. Ine ndinali ndi mwana wa masiku khumi. Mayi anali atasiya kudya, kukhosi kutatupa, ngakhale phala linkabwerera. Amene anabwera ndi aNachisale, mvula ili pamutu, kabotolo kali m'chitenje. Ankaviika chala mu uchi n'kuwapaka palilime. Masiku anayi mayi anakhala ndi moyo ndi chala chimenecho, akufunsa ngati Venansio wafika. Tsiku lomaliza aNachisale anayatsa kandulo yachikasu, ija mukuti ikudwala chikasu, anaiika m'dzanja la mayi, n'kugwiriziza ndi dzanja lawo chifukwa zala za mayi zinalibenso mphamvu. Anawauza kuti, 'Pitani bwino, mwana wanu ali m'njira, ife timulandira.' Sanalandire kanthu, ngakhale nkhuku. Uchi umenewo ndi kandulo imeneyo zinachokera m'muwanga umene mwaupaka laimu. Banja lathu silinabweze. Ndipo Lolemba tikukabweza ndi nkhwangwa."

Ndinakhala pansi. Panalibenso woseka. Ngakhale a Pasikale anali atagwetsa nkhope.

Nthawi yomweyo apongozi anatulukira kuseri kwa nyumba ya ansembe, atanyamula kapu. Sankadziwa chimene chanenedwa. Anadabwa kuona anthu onse akuwayang'ana, mpaka anadziyang'ana pachitenje ngati pali chimene chatayikira. Anafika pa tebulo, nagwada, napereka kapuyo. "Ayera, bambo. Palibe lathyoka."

Achimwene anaimirira. Anazungulira tebulo, nawagwira mkono kuwadzutsa, n'kuwakhazika pa mpando wawo womwe, wa wapampando. Kapu ija anailandira ndi manja awiri, koma anaiika pambali. Mano sanavale. Munthu amene sankatuluka ngakhale kupita kuchimbudzi wopanda mano, anaima pamaso pa parishi yonse ndi masaya olowa, misozi ikutsikira m'makwinya, nalankhula mawu otuluka movutikira ngati a mwana.

"Mayi," anatero, "ming'oma ilipo ingati?"

"Makumi atatu ndi isanu ndi iwiri, bambo. Umodzi walowa nyerere."

"Nanga... mayi anga ananena chiyani china?"

"Zimenezo ndidzakuuzani kunyumba. Ndakhala ndikukusungirani."

Achimwene anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa anthu, nanyamula phula lobenthuka lija m'mwamba.

"Akhristu anzanga, mwaona nokha. Mwini chinthuchi anali pompano, anayamba kundiuza, ine ndinamutseka pakamwa. Ndadya phula chifukwa chosafunsa. Likanakhala phula lokha, bwenzi tangoseka. Koma ndinatsala pang'ono kukudyetsani nonsenu, kwa zaka zisanu."

A Pasikale anakweza mutu. "Ndiye kuyambira lero dzina lanu ndinu a Safunsa."

"Ndalandira, asuweni. Likhale langa, kuti wina asadzalitenge."

Anatenga mapepala asanu ndi atatu aja. Ena ankaganiza kuti ang'amba, koma achimwene sanali munthu wowononga pepala. Anawatembenuza, kumbuyo kosalembedwa kukhala pamwamba, nasolola cholembera. "Bambo a kutsidya, mubwereze zija munanena. Pang'onopang'ono. Dzina lanu ndani?"

Tsiku limenelo manja sanakwezedwe. Bambo Mfumu analembera ku dayosizi kupempha miyezi iwiri, ndipo anyamata a nkhwangwa Lolemba lake anapatsidwa zidebe ndi masache kuti akatsuke laimu m'mitengo. Miyezi iwiri imeneyo achimwene anayenda miphakati yonse khumi ndi inayi, wapansi, limodzi ndi akatekisiti. Suti anaisiya. Ankakhala pamkeka ndi amayi, pabwalo la mpira ndi anyamata, pakhomo pa nkhalamba zosatha kuyenda. Ndinamva kuti mawu aja akafika pamilomo ankadziluma, n'kunena m'malo mwake kuti, "Pitirizani, ndikumva." Anabwerako ataonda, nsapato nazo zitabooka, mapepala atadzaza mbali zonse mpaka m'mphepete.

Pulani imene tinavomereza mu Ogasiti inakwana pa tsamba limodzi. Choyamba, kanyumba kopemphereramo kutsidya, ndi anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, oti aphunzitsidwe kutsogolera mapemphero nthawi ya mvula. Chachiwiri, njinga ya akatekisiti, ndi kuti m'mphakati uliwonse mukhale amayi ndi abambo oyendera odwala. Chachitatu, nkhalango isadulidwe mpaka kalekale, ming'oma iwonjezedwe, ndipo achinyamata aphunzire kufula ndi kuumba makandulo aNachisale akadali ndi maso. Achinyamata sanaiwalidwe: anapatsidwa Misa yawo kamodzi pamwezi, ndi ng'oma zatsopano zitatu. Limba linadzabwera patapita zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo magetsi akazima ng'oma zomwezo ndi zimene zimatipulumutsa. Holo mukuionayi inamangidwa pambuyo pake, pa thanthwe la kumadzulo pamene sipamera kanthu. Ndi yaing'ono kuposa ya m'maloto a achimwene, koma sinagwetse mtengo ndi umodzi womwe.

Kodi mukudziwa kuti maparishi ena ankatuma anthu kudzaona kwathu? Ankabwera pa galimoto, n'kumafunsa kuti katswiri amene anatilembera pulani tinamupeza kuti. Achimwene ankawatengera kwa apongozi anga, kukhitchini ya utsi, n'kunena kuti, "Funsani awa. Inenso ndinafunsa mochedwa." Mpaka lero kandulo ya Pasaka ya ku Kamphinda sitigula. Kanyumba ka kutsidya kaja tsopano ndi tchalitchi cha njerwa, ndipo chatulutsa masisitere awiri. Fabiyano, amene anamva zonsezi ali m'mimba, ndiye akuyang'anira ming'oma, yomwe yakwana zana limodzi ndi isanu ndi umodzi.

Mangawa aja anabwezedwa, ndipo ndinaona ndi maso anga. Apongozi atadwala matenda awo omaliza, achimwene ankapita tsiku lililonse ndi kabotolo. Tsiku lotsiriza, dzuwa likupendeka, kandulo yachikasu inali m'dzanja la aNachisale, ndipo dzanja logwiriziza linali la a Venansio. Pamenepo ndinati mumtima, mabanja awiriwa tsopano alingana. Koma sindinafufute. Zoterezi sufufuta, umangouza ana.

Phula lobenthuka lija apongozi ankafuna kulisungunula pamodzi ndi linzake, koma achimwene anapempha kuti lisungidwe. Ndiwo anayambitsa mwambo umene mudzauone mukadzakula. Wapampando watsopano akasankhidwa, wakale amamuikira kambaleko patsogolo n'kumufunsa kuti, "Ichi n'chiyani?" Aliyense ku Kamphinda amadziwa chimene chili. Koma yankho lovomerezeka ndi limodzi lokha: "Ndiuzeni." Akayankha choncho, amayi amaluluta, ndipo msonkhano umayamba.

Anthu a kwina adzakuuzani kuti mwambi wa Safunsa ndi wakale kuposa tchalitchi chathu. Musakangane nawo. Mwina kunali Safunsa wina kalelo, pakuti anthu otere sasowa m'badwo uliwonse. Koma wathu ndi ameneyu, ndipo timamunyadira, chifukwa ambiri amadya phula n'kumeza, n'kumauza anthu kuti linali lokoma.

Safunsa anadya phula. Uchi ndi phula zimachokera m'chisa chimodzi, fungo lake ndi limodzi, ndipo wongoona ndi maso sangasiyanitse chodya ndi choyatsa. Amasiyanitsa ndi amene analumidwa ndi njuchi pozifula. Choncho ukafika pamalo, ngakhale pakhale pamudzi pamene unabadwira, ngakhale ukhale ndi masukulu angati m'mutu, usayambe ndi kuuza anthu. Yamba ndi kufunsa kuti ichi n'chiyani, anachiika apa ndani, chimathandiza yani. Makamaka ukapatsidwa mpando woti ukonzere anthu za mawa, funsa amene amayenda wapansi, amene amatunga madzi, amene amakhala pambali pa odwala, ndipo udikire mpaka amalize kuyankha. Kufunsa kumachepetsa munthu kwa kamphindi. Kusafunsa kunavula achimwene anga mano pamaso pa parishi yonse.

Loweruka likubwerali mukamasesa, kambaleko mukapukute fumbi, n'kukabwezera pamalo pake.